Chitseko Chomangidwira Kunja

Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akamva dzina loti Tsangano, chimene chimabwera msanga m'mutu mwake ndi mbatata ya kachewere. Salakwa ayi. Dera limeneli, lomwe lili pamwamba pa mapiri a Kirk Range m'boma la Ntcheu, kwa Inkosi Mpando, m'malire a dziko lino ndi Mozambique, ndi nkhokwe ya kachewere ndi kabichi, ndipo matumba amene amaunjikidwa pa mphambano ya Tsangano, pa msewu wa M1, amadyetsa mizinda imene alimi ake ambiri sanaipondepo. Kumeneko kumazizira kolapitsa, makamaka m'miyezi ya June ndi July, pamene nkhungu imaphimba midzi kufikira dzuwa litakwera.

Koma pali china chimene wodutsa pa galimoto sachiona. M'midzi ina, monganso m'midzi ya m'maboma ena onse, kuseri kwa nyumba yaikulu kumakhala kanyumba kamene chitseko chake chimamangidwira kunja. M'katimo simukhala mbuzi kapena mbewu. Mumakhala munthu, mwana wa pakhomo pomwepo, amene kale ankalemba mayeso, kuthirira m'dimba ndi kuimba kwaya monga anzake. Nkhani ino ndi ya anthu amene amamanga chitsekocho usiku ndi kuchimasula m'mawa.

Matenda aakulu a maganizo sabwera ndi lipenga. Kawirikawiri amayamba pa msinkhu umene aphunzitsi a ku sekondale amaudziwa bwino, kumapeto kwa unyamata kapena munthu atangopitirira zaka 20. Mnyamata wa Fomu 3 amene anali wochezeka amayamba kudzipatula. Tulo timamuthawa. Makope ake amadzaza ndi mawu osalumikizana, ndipo akafunsidwa funso m'kalasi amayang'ana pawindo ngati kuti wina akumuyitana panja. Pakapita miyezi amakana nsima ya amayi ake omubala, amati aikamo mankhwala. Amati wailesi ikunena za iye. Amaseka yekha, kapena kuyankha anthu amene ena onse sakuwamva.

Pofika apa mudzi umakhala utagamula kale mlandu. Ena amati maphunziro amuzunguza mutu. Ena amati ndi chamba, ndipo nthawi zina amakhala atakhudza choona, pakuti chamba chimatha kudzutsa matendawa mwa munthu amene anali nawo pafupi kale. Koma ambiri amaloza chala. Amati amalume ake, amene malonda awo a kachewere akuyenda bwino, ndiwo amuika mwanayo m'chizimba. Kapena amati agogo a kutsidya kwa mtsinje ndiwo achita nsanje poona kuti wasankhidwa kupita ku sekondale. Chotero banja limalandira matenda awiri pa nthawi imodzi, a mwana ndi a chidani pakati pa abale, ndipo achiwiriwa nthawi zina sachira ngakhale oyambawo atachira.

Ulendo woyamba sukhala wa ku chipatala. Umakhala wa kwa sing'anga, ndipo kwa anthu a m'malire sing'anga wotchukayo angathe kukhala tsidya la Mozambique, ulendo wapansi. Ophunzira amathamangira kunena kuti umenewu ndi umbuli, koma kutero ndi kuweruza mopepuka. Sing'anga ali pafupi, amalandira nkhuku kapena mbuzi m'malo mwa ndalama, amakhala pansi ndi kumvetsera nkhani yonse kuyambira pa chiyambi, ndiponso amayankha funso limene chipatala sichiyankha: chifukwa chiyani mwana wa pakhomo pano, osati wa kwina? Kwa sing'anga zikakanika, ulendo umakhotera ku mapemphero, kumene wodwala amasalitsidwa zakudya kuti ziwanda zituluke. M'menemo khola la mbuzi likuphwa, ndalama za feteleza zathera m'njira, ndipo miyezi ikupita. Tsono madokotala anapeza kalekale kuti munthu akakhalitsa ndi matendawa osalandira mankhwala, kuchira kwake kumavutirapo. Miyezi yotayikayo ndi yodula kuposa mbuzi.

Tsiku la chipatala limafika pamene china chasweka: wodwala watentha nkhokwe, wamenya mlongo wake, kapena wasowa masiku atatu napezeka m'nkhalango atatsala pang'ono kufa ndi chisanu. Apa mpamene kutalika kwa Tsangano kumaoneka bwino. Msewu wa Tsangano, Neno ndi Mwanza ndi umene anthu a kumeneko akhala akuulirira zaka zambiri, ndipo midzi yochuluka ili kutali ngakhale ndi msewu umenewo. Nthawi ya dzinja tinjira take timaterera ngati sopo. Munthu wolusa sakwera njinga yamoto ya kabaza. Woyendetsa matola, akaona zingwe m'manja, amakana kapena kukweza mtengo. Pamafunika amuna awiri kapena atatu amphamvu omuperekeza, aliyense ndi mtengo wake wa ulendo, kutsikira ku M1 kenaka ku chipatala chachikulu cha pa boma la Ntcheu. Matenda akakhala aakulu, a chipatala amamutumiza ku Zomba, kudzera ku Balaka ndi ku Liwonde. Mayi amene sanafikepo ku Zomba amabwerera kumudzi ndi chingwe chopanda munthu, osadziwa tsiku limene adzamuonenso mwana wake.

Kodi anthu otere ndi angati? Mu 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linati matenda otchedwa schizophrenia, amene zizindikiro zake ndi zija zafotokozedwa pamwambapa, amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 300. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 659,608 m'boma la Ntcheu. Wophunzira aliyense wodziwa kugawa angathe kuona kuti, ngati Ntcheu ikufanana ndi madera ena a dziko lapansi, ndiye kuti anthu oposa 2,000 m'bomali ali ndi matenda amodzi okhawa. Pamenepo sipanawerengedwe odwala matenda ena, aja osinthasintha pakati pa chisangalalo chopyola muyeso ndi chisoni chofooketsa, kapena amayi amene mutu umasokonekera atangobereka kumene, omwe amakhala mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 obereka. Chipatala cha Zomba Mental, chomwe ndi chipatala chachikulu cha boma cha matendawa m'dziko lonse, malo ake ogona odwala sapitirira 400. Masamu amenewa ali ndi yankho limodzi lokha: odwala ochuluka sali ku Zomba. Ali kumudzi, m'manja mwa abale awo.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake abalewo ali okhaokha, ayenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Makolo akale anali ndi njira yawo. Wodwala wofatsa ankasiyidwa kuyendayenda m'mudzi, nadya pa khomo lililonse. Wolusa ankamuika m'goli, mtengo wa mphanda uja umene unkagwiranso akapolo pakhosi. Atsamunda atabwera anatsegula malo osungirako amisala ku Zomba m'chaka cha 1910, koma malowo anali mbali ya ndende yaikulu ya Zomba, ndipo oyang'anira ake anali a ndende, osati a chipatala. Cholinga chinali kuchotsa m'njira munthu wosokoneza mtendere, osati kumuchiritsa. Lamulo la Mental Treatment Act la 1948 linalembedwa ndi mtima wofananawo: linalongosola bwino za kutsekera munthu m'chipatala ndi za kasungidwe ka chuma chake, koma za mayi womudyetsa kumudzi silinalabadire. Chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 1952, madokotala awiri a ku Paris, Jean Delay ndi Pierre Deniker, anaonetsa kuti mankhwala otchedwa chlorpromazine amatontholetsa mawu ndi mantha a odwala otere. Kuyambira pamenepo kunakhala kotheka kuti wodwala achire ndithu mpaka kubwerera kwawo. Koma dongosolo lonse linali litamangidwa kale moyang'ana ku chipata cholowera. Za chipata chotulukira, ndi za kumene wodwala amapita akatuluka, zinatsalira m'mbuyo, ndipo mpaka lero sizinafike pamene ziyenera kufika.

Pakuti ku Zomba anthu amachira. Ichi n'chofunika kuchinena momveka, chifukwa ambiri amakhulupirira kuti wolowa kumeneko ndiye wapita. Pakatha milungu ingapo mnyamata uja amabwerera ali wofatsa, atanenepako, atanyamula kabuku ka kuchipatala ndi mapiritsi a mwezi umodzi. Mudzi umasangalala. Komatu apa mpamene ntchito yeniyeni imayambira, ndipo imagwera munthu amene sanaphunzitsidwe kanthu.

Munthuyo kawirikawiri ndi mkazi. Kumadera ambiri a Ntcheu ukwati ndi wa chikamwini, ndipo mwambo umenewu, womwe uli ndi ubwino wake wochuluka, pa nkhani iyi umakankhira katundu mbali imodzi. Mkamwini akadwala misala, akuchikazi amamuperekeza kwawo, kwa amayi ake kapena kwa mlongo wake, ngakhale atakhala kuti anamanga nyumba ndi kubereka ana pamudzipo. Mkazi akadwala, mwamuna angathe kungonyamula jekete lake n'kupita, kusiya wodwala ndi ana m'manja mwa apongozi okalamba. Mwinimbumba amabwera pa tsiku la mlandu, wodwala akaswa zenera la eni ake kapena akazula mbewu m'dimba la mnansi, koma wotunga madzi osamba, wochapa zofunda, wogona khutu lili kunja usiku wonse, ndi mayi kapena mlongo.

Ndipo ulimi wa kachewere sudikira. Mbatata imafuna kukwezera, kuthirira ndi kupopera mankhwala pa nthawi yake. Mlimi akachedwa sabata imodzi nthawi ya chinyezi, chiwawu chimamaliza munda. Mayi amene sangachoke pakhomo poopa kuti wodwala athawa kapena agwera pa moto amakolola theka la zimene anzake akolola. Akafuna kupita ku dimba, amauza mwana wamkazi wa Sitandade 7 kuti lero asapite ku sukulu, akhale ndi achimwene ake. Lero limasanduka sabata, sabata limasanduka teremu. M'kaundula wa sukulu mtsikanayo amalembedwa kuti anasiya yekha, ndipo palibe amene amalemba chifukwa chenicheni. Akakula, ofunsira mbeta amauzidwa ndi anthu a m'njira kuti ku banja limenelo kuli misala ya kumtundu. Wodwala akakhala wamkazi pamakhala chisoni china chimene anthu sakonda kuchitchula: amapezeka ali ndi pakati, mwini pakatipo osadziwika, ndipo agogo amalandira mdzukulu pamwamba pa katundu amene anali naye kale.

Tsono nkhani ya mankhwala. Anthu a kumudzi anazolowera mankhwala a malungo, amene munthu amamwa masiku atatu n'kuchira. Palibe chodabwitsa kuti akaona wodwala akulima ndi kucheza bwino, amati wachira, mapiritsi asiyidwe. Pokhapokha wina atakhala nawo pansi ndi kuwafotokozera kuti mankhwalawa ndi omwa nthawi yaitali, ena kwa zaka, sangalote okha. Komanso mapiritsi a chlorpromazine ndi haloperidol ali ndi zovuta zake: amatha kuumitsa khosi ndi miyendo, kunjenjemeretsa manja, kutayitsa dovu ndi kugonetsa munthu usana wonse. Zovutazi zili ndi mankhwala ake, ndipo dokotala angathe kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Alipo ngakhale jakisoni wobaya kamodzi pa milungu ingapo kwa amene amaiwala mapiritsi. Koma mayi amene sanauzidwe zimenezi, akaona mwana wake akuyenda ngati chidole, amaganiza kuti a chipatala akumupha, ndipo mapiritsiwo amakathera m'chimbudzi.

Ngakhale banja limene lamvetsa zonse limakumana ndi khoma lina. M'zipatala za boma mankhwala ndi aulere, koma ulendo si waulere. Zipatala za mishoni, zomwe m'madera ambiri akumidzi ndizo zili pafupi, zimalipiritsa. Dongosolo la boma limati anamwino ndi madokotala a matenda a maganizo a pa chipatala cha boma aziyendera zipatala zing'onozing'ono pa masiku oikika. Ulendo wotere umadalira galimoto ndi mafuta, ndipo aliyense amene wakhala m'dziko muno kuyambira 2022 akudziwa mmene mafuta akhala akusowera. Kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma nakonso si nkhani yachilendo. Banja likagulitsa ndowa ya kachewere kuti lipeze ndalama ya ulendo, n'kukamva kuti mankhwala kulibe, abwerenso mwezi wamawa, mwezi wamawawo silibwereranso. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu tulo timathawanso, mawu aja amabwerera, ndipo chingwe chimatsitsidwa pa denga pamene chinapachikidwa.

Chingwe chimenechi n'choipa, ndipo palibe chifukwa chochikometsera. Chimatupitsa manja, chimasiya zilonda, chimaphunzitsa wodwala kuti abale ake ndi adani, ndipo m'chisanu cha ku Tsangano munthu womangidwa m'kanyumba kopanda moto angathe kudwala chibayo. Koma woweruza mayi womanga mwana wake ayambe wafunsa chimene mayiyo anapatsidwa m'malo mwa chingwecho. Sanapatsidwe dzina la matenda. Sanapatsidwe mankhwala osadukiza. Sanapatsidwe munthu womulandira ngakhale tsiku limodzi kuti akagone tulo. Pa maliro mudzi wonse umasonkhana, amayi ndi nkhuni, abambo ndi makasu; pa matenda a mthupi, a mpingo amabwera ndi ufa ndi nyimbo. Pa misala anthu amadutsa chapatali, ana akuponya miyala ndi kuimba nyimbo zonyoza, akulu akuyang'ana kumbali. Mwambi uja woti mwana wa mnzako ngwako yemwe umaoneka kuti umathera pa khomo la wamisala.

Chopweteka n'chakuti dziko lino linaonetsa kale kuti likhoza kufikitsa mankhwala a moyo wonse kumudzi. Pamene boma linayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, ambiri ankati n'zosatheka m'dziko losauka chotere. Lero mankhwalawo amapezeka m'zipatala zing'onozing'ono, wodwala amaphunzitsidwa pamodzi ndi womuyang'anira, amapatsidwa a miyezi ingapo nthawi imodzi, ndipo akasowa pa tsiku lake pamakhala omulondola. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene sichingatheke pa matenda a maganizo, ndipo mapiritsi ake akalewa ndi otsika mtengo. Kusiyana kwake ndi ndalama ndi chidwi. WHO imati maiko amaika pafupifupi magawo awiri okha pa magawo 100 a ndalama za umoyo ku matenda a maganizo, ndipo m'maiko osauka gawolo limacheperapo, zochepazo n'kuthera pa chipatala chachikulu.

Sikuti palibe chimene chasintha. Abale a chipani cha St John of God, amene anayamba ntchito ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 ndipo pambuyo pake anatsegulanso ku Lilongwe, anaonetsa kuti wodwala angathe kuyenderedwa kwawo ndi kuphunzitsidwa luso la manja, ndipo koleji yawo ya ku Mzuzu yaphunzitsa ambiri mwa ogwira ntchitoyi m'maboma. Sukulu ya udokotala ya ku Blantyre, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, inayamba kuphunzitsa akatswiri a matendawa mothandizana ndi madokotala a ku Scotland, ngakhale kuti akatswiriwo akadali owerengeka pa anthu oposa 20 miliyoni. Mu 2008 WHO inakhazikitsa ndondomeko yotchedwa mhGAP, yophunzitsa ogwira ntchito wamba a m'zipatala zazing'ono kuzindikira ndi kuchiza matendawa. Odwala ndi owasamalira anapanga bungwe lawo la MeHUCA. Ndipo mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano lolowa m'malo mwa lija la 1948, patapita zaka 77, lomwe likuika patsogolo ufulu ndi ulemu wa wodwala. Zonsezi n'zoyamikika. Koma lamulo limalembedwa ku Lilongwe, ndipo kuti likwere mapiri kukafika kwa Mpando limafuna galimoto, mafuta ndi bokosi la mankhwala, monga namwino yemwe.

M'menemo, amene ali pafupi ndi mabanjawa ndi anthu wamba, ndipo mwa iwo mphunzitsi ali ndi mwayi umene dokotala alibe: amamuona mwana tsiku ndi tsiku matenda asanakule. Mwana wakhama amene wasintha mwadzidzidzi, wosagona, woyankhula zosamveka, kawirikawiri amalandira chilango cha mwano kapena kuchotsedwa sukulu pomuganizira chamba. Kuyitana makolo ndi kuwalangiza kuti apite naye ku chipatala msanga, ngakhale atafuna kupitanso ku mapemphero, kungapulumutse miyezi ija imene imatayika m'njira. Kulimbana ndi chikhulupiriro cha makolo pa tsiku loyamba sikupindula. Chofunika n'chakuti mankhwala ayambike. Akachira, mwanayo angathe kubwerera m'kalasi ndi kulemba mayeso a MSCE, malinga akapeza mphunzitsi wamkulu womulandira ndi anzake osamutcha maina. Achinyamata otsiriza sukulu, amene ali m'midzi kudikira ntchito, ndiwo odziwa kuwerenga kabuku ka kuchipatala. Kuwerengera banja tsiku lobwerera ndi mlingo wa mapiritsi ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo ayenera kudziwa khomo lililonse lotere monga adziwira makomo a ana a katemera. Ndipo pamene makomiti a m'midzi akukambirana za oyenera thandizo la Mtukula Pakhomo, lomwe linayamba ku Mchinji mu 2006 pofuna kuthandiza mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, akumbukire kuti khomo la wodwala misala lataya antchito awiri, wodwalayo ndi womuyang'anira.

Pali munthu mmodzi amene pa zokambirana zonsezi safunsidwa, ndiye wodwala mwini wake. Akale anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti mawu a munthu wonyozeka angathe kukhala oona. Munthu amene wakhala ndi matendawa zaka zingapo amadziwa zizindikiro zake kuposa wina aliyense. Amadziwa kuti akagona usiku uwiri osapeza tulo, zinthu zayamba. Amadziwa piritsi limene limamuumitsa khosi. Akakhala bwino angathe kupangana ndi abale ake chochita tsiku loipa likadzafika: woyitana ndani, ndalama ya ulendo isungidwe kuti, ndani amene iye amamumvera ngakhale atalusa. Ambiri amapempha chinthu chimodzi, kuti apatsidwe mizere yawoyawo m'dimba ndi kudya pa mphasa imodzi ndi anzawo.

Mabanja amene zinthu zawayendera bwino sasiyana ndi ena pa chuma kapena pa chikondi. Kawirikawiri kusiyana kwake kumakhala kwakuti panapezeka munthu mmodzi, namwino, mlangizi, mkulu wa mpingo kapena mphunzitsi, amene anakhala pansi ndi kufotokoza, ndipo mankhwala sanaduke. Pa khomo lotere kanyumba kaja kamasungiramo mbewu ya kachewere. Mayi amasunga kabuku ka kuchipatala m'pepala la pulasitiki pansi pa mphasa, ndipo mwezi ukamapita kumapeto amatsanulira mapiritsi m'dzanja ndi kuwawerenga. Akatsala asanu ndi awiri, amatuma mwana kukafunsa kwa mlangizi ngati galimoto ya ku boma ibwere mwezi uno.